Njerwa Zotentha za Zebedee

Inu amene mumati Zebedee wa ku Iponga, ku Karonga, anali mfiti, khalani pansi mumve. Pakamwa panu mpotakata, koma m'chipinda chake simunapondemo ngakhale tsiku limodzi.

Munthuyu anakulira pa uvuni wa njerwa. Manja ake anali gwa ngati chikopa cha ng'ombe, khala lamoto ankalitola ndi zala. Za njoka zinayamba tsiku lina akuphwasula uvuni: anapeza tiana tiwiri ta nsato titadzipinda pakati pa njerwa zofunda. Anzake anathamangira zibonga, iye n'kutiponya m'thumba. Kunyumba anatikhomera mabokosi m'kachipinda ka kuseri, n'kutitcha Kilombero ndi Faya, mayina a mpunga, poti chakudya chake chinali makoswe a m'nkhokwe za mpunga.

Karonga ndi kotentha, inde, koma mwera wa mu Juni ukawomba, njoka imazizidwa. Ikameza khoswe thupi lili zii, imasanza, mwinanso kudwala kumene. Magetsi Zebedee analibe. Nzeru yake inali ya pa uvuni: Fainess, mkazi wake, akaphula ndiwo, iye ankakwirira njerwa m'phulusa lamoto pabwalo, kuzikulunga m'masaka, n'kukaziyala pansi pa mabokosi. Zikazirala, ankasintha. Zenera linkakhala lotsekula pang'ono. Ndalama? Ngakhale tambala. Nsato zija zinakula mpaka kunenepa ngati mwendo wa munthu.

Anthu ndiwo anali vuto. Akamuona akudutsa pabwalo ndi saka lofuka nthunzi, ankakodolana. "Uyo akukadyetsa mabwana ake." Kodi munthu wokhwimira chuma amayenda ndi nsapato za matayala? Mitu yanu!

Ndiye kunabwera nkhani ya Ipyana, mwana wawo mmodzi yekhayo. Mnyamata wa ku Uraha anamufunsira, ndipo amalume ake a mnyamatayo, a Morton, anatumiza mawu kuti akubwera ndi anzawo kudzakamba za malowolo. Sabata imeneyo kunali kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa, ndipo nsato zonse zinali zitangomeza kumene.

"Bambo a Ipyana," anatero Fainess, "lero lokha masaka anuwo ndisawaone pabwalo. Mukufuna mwana akalambire pakhomo pano?"

"Nanga zizizidwe?"

"Zivekeni jekete lanu! Ine zanga n'za mwana."

"Iwe, zimenezi n'zolengedwa ndi Mulungu."

"Ipyana analengedwa ndi ndani? Kampani?"

Zebedee mwana wake ankamukonda, musanamizane. Anaganiza mofulumira, ndipo kufulumirako n'komwe kunamupweteka. Anadzaza mbaula ndi makala, kuyatsa, kuilowetsa m'kachipinda kaja kuti itenthe tsiku lonse popanda iye kuzungulirako. Kenaka anatseka zenera, kutsekera ming'alu ndi nsanza, pansi pa chitseko n'kuyalapo saka lonyowa, kuti mlendo wopita kuchimbudzi asasuzumire kapena kumva fungo. Munthu wodziwa moto chotere! Amene ankauza anzake kuti uvuni wopanda popumira umaphika makala okhaokha!

Alendo anafika dzuwa lili pamutu. Pa nkhani za malowolo bambo wa mwana salankhula, olankhula amakhala ankhoswe, komanso bamboyo sanyamukanyamuka ngati wadwala m'mimba. Zebedee anakhala phee pampando, mtima uli kuseri. Ng'ombe zinakambidwa, zinatsutsidwa, zinakambidwanso. Atangoti asunthe, Fainess anamuponyera diso ali pakhomo, iye n'kukhalanso.

Zonse zitatheka, dzuwa litapendeka, anawaperekeza mpaka pamsewu. Apo a Morton anamukokera pambali, akumwetulira mwamanyazi.

"Asebere, ndagha, zikomo, mwatilandira bwino. Koma chimodzi mwatimana. Nsato zanu zija zili kuti? Ife njira yonse timangokamba zomwezo."

"Mumadziwa?"

"Aa! Mpaka ku Uraha amadziwa. Mpongozi wanuyo ndiye amakutamani, akuti bambo aja saopa kanthu. Tikanakonda kuziona, komatu tinaopa kupempha."

Zebedee sanatsanzike n'komwe. Anathamanga ngati mnyamata, nsapato imodzi n'kutsala m'matope. Atakankha chitseko, mpweya unamumenya kumaso, mutu n'kuzungulira. Kachipinda kanali ng'anjo. Faya anali atafa kale, kukamwa kuli yasa. Kilombero anali atakankha chivindikiro cha bokosi lake, mutu uli pa nsanza za pazenera paja. Zebedee anamunyamula n'kutuluka naye pabwalo, pamaso pa aliyense, kumuthira madzi, kumusisita, kumuitana dzina. Kilombero anagwedeza mchira pang'ono, basi n'kutsirizika.

Fainess anabwera ndi chitenje chake chatsopano, chomwe anavalira alendo, n'kumupatsa mwamuna wake. Iye anakulunga nsato zonse ziwiri momwemo.

Ukwati unachitika, anthu anavina, inunso munadya nawo mpunga. Zebedee anamwetulira pa zithunzi monga bambo ayenera. Koma sanasungenso njoka. Masiku ano mukamuitana kuti m'khola mwalowa nsato, amabwera ndi thumba, kuigwira, n'kukaitaya kutali kuphiri. Mpongozi wake anamuuzapo kuti amugulira sola ndi babu lotenthetsa, ayambirenso. Zebedee anapukusa mutu.

"Sizinafe ndi kuzizira zija, mwanawe," anatero. "Ndinachita nazo manyazi."