Kachasu wa a Zenobio pa Choyezera Madzi

Pakhosi pa choyezera kutentha panali patamatirira tsamba limodzi la koka, chomera chimene anthu akuno amatafuna ndi kuperekera nsembe, lonyowa, lonunkha kachasu. Injiniya Marleni Yucra analimatula ndi chikhadabo, nalinunkhiza, kenaka n'kuyang'ana mwini bwato.

Mwini bwatoyo, a Zenobio Ticona, asamalira choyezerachi zaka khumi ndi zitatu. Chimayandama pa nyanja ya Titicaca, ulendo wa ola limodzi kuchokera padoko la Puno. Setilaiti ikamadutsa cham'mawa, imayeza kutentha kwa madzi ili kumwamba komweko. Akatswiri amayerekeza nambala yake ndi ya choyezerachi, ndipo zikasiyana, woimbidwa mlandu amakhala setilaitiyo. Ntchito ya mkuluyu ndi kuchotsa ndere ndi zitosi za mbalame, kuti makina a kumwambawo asanamizidwe ndi bakha.

Koma chaka chilichonse mu Ogasiti, pa masiku amene a Zenobio apitako, choyezera chinkaonetsa kuti madzi azizira mwadzidzidzi, pa nthawi yeniyeni imene setilaiti ikudutsa. Akuluakulu a ntchitoyi kulikulu ku Lima anagamula kuti malowa ngosadalirika: chida chisamutsidwe, ndipo ntchito ya a Zenobio ithere pomwepo. Marleni, wobadwira ku Puno konkuno, anapempha kuti akaone kaye ndi maso ake.

"Amalume, kodi mumachimwetsa chida changachi?"

"Pang'ono chabe, mayi. Mwezi uno nthaka imakhala ndi ludzu, nyanjanso chimodzimodzi. Galimoto timaithira kachasu, nyumba timaithira. Nanga ichi chalakwanji? Musachite ngati mlendo, bambo anu ndinkawaona akuthira njinga."

Marleni anaseka mpaka bwato linagwedera. Kachasu akamauma amaziziritsa chimene wagwerapo; mwana wa sekondale amadziwa zimenezi. Koma akatswiri anatha zaka akufufuza mphepo, mitambo ndi mawaya, popeza m'mabuku awo mulibe tsamba la ulemu. A Zenobio ankathira pa ola la setilaiti mwadala, kuti nayonso ilandireko.

Marleni sanawaletse. Woletsa mwambo kuno amangousandutsa chinsinsi. Anawapempha kuti azithira setilaiti itadutsa, ndipo mu lipoti lake analemba kuti malowa ngabwino, wosamalira wake sanajombepo, ndipo vuto lapezeka.

Pobwerera a Zenobio anamasula mpango wa mbatata zouma ndi tchizi, nayamba kudya.

"Komatu amalume," anatero Marleni, "chidacho sichidandaula mukamachichedwetsera?"

"Ayi, mayi. Chizimwa chikaweruka, ngati tonsefe."