Mawu a amayi m'munda wa mapira

Pali chinthu chimene ndabisa kuyambira nyengo ya mapira chaka chatha, ngakhale kwa mchemwali wanga: memore khadi ya bambo a mwana wanga sinafe yokha ayi. Ndinaifufuta ine, dzuwa likuswa mtengo, mwana ali kumsana.

Timakhala ku Nkhulambe, pakhomo pa malemu amayi, poti kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Bambo a mwanawo anabwera ndi chikwama cha zovala ndi sipika yaikulu yotchajira pa sola. M'nyumbamo anapeza wailesi ya kaseti ya amayi, ya mabatire anayi, kachitseko kake komangidwa ndi mphira. Anaiseka tsiku lomwelo. Ankati kaseti imawaza ngati mvula pa malata, ndipo mabatire akafooka woimba amakhala ngati wamwa kachasu. Khadi yawo, kanthu kochepa ngati chikhadabo, inali ndi nyimbo zosawerengeka zokopera ku Migowi, zonse zomveka bwino.

Sindinkatsutsa. Ndili ndi satifiketi ya makompyuta, zimenezi ndimazidziwa kuposa iwo. Koma kaseti ikaduka umailumikiza ndi kyutekisi wopaka m'zikhadabo, n'kuipota ndi bolopeni. Imangotaya liwu limodzi, nyimbo n'kupitirira. Khadi ikati yafa, imafa yonse, osatsanzika.

Pa makaseti onse, imodzi inali ndi mtanda wofiira. Mmenemo amayi anadzijambula okha akuimba nyimbo zachilomwe uku akusenda nandolo. Pakati pa nyimbo amatsokomola, kenako amandikalipira kuti ndipirikitse nkhuku. Mwana wanga sanawaone agogo ake, koma akavuta ndinkamuikira imeneyo, ndipo ankagona nkhuku zija zisanafike.

Tsiku lina ndikuchokera kusikelo ndinaona munda wathu wa mapira ukung'anima. Bambo a mwana anali atasolola matepi onse m'makaseti, n'kuwamangirira pa timitengo kuchokera kumalire mpaka kumalire, monga amachitira anthu poopseza mbalame. Mphepo ikawomba, matepiwo ankanjenjemera n'kumalira chapansipansi.

“Bambo a mwana, mwatenga makaseti ati?”

“Onse, amayi a mwana. Taonani mmene mpheta zikuthawira! Lero ndiye zinyalala zija zagwira ntchito.”

“Ndi ya mtanda wofiira yomwe?”

“Aaa, inunso. Nditchulireni nyimbo zake, mawa ndikakukoperani ku Migowi. Zomveka bwino, zopanda chifuwa.”

Zopanda chifuwa. Ndiye kuti ankadziwa bwinobwino amene amatsokomola mmenemo.

Sindinalire pamaso pawo. Ndinamasula matepi aja imodziimodzi, iwo akudandaula za mapira. Masiku atatu ndinakhala ndikupota ndi bolopeni, osadziwa n'komwe kuti ya amayi ndi iti, poti matepi onse amafanana. Dzuwa linali litawakwinyitsa. Chimene chinatuluka mu wailesi ndi mkokomo basi. Mwana analira mpaka mawu kusasa, ine n'kumayesa kuimba ndekha, koma Chilomwe changa ndi chosweka, mawu ena ndinkangong'ung'udza.

Loweruka lake kunali chinkhoswe cha mlongo wa bambo a mwana kufupi ndi Fort Lister, ndipo anali atalonjeza abale onse kuti nyimbo ndi za iwo. Lachisanu masana anasiya khadi pazenera akupita kukasamba. Ndinailowetsa mu foni yanga. Foniyo inandifunsa ngati ndatsimikiza kufufuta zonse. Munthu sanandifunse za amayi, koma foni inandifunsa. Ndinadina, ndipo sizinatenge nthawi yoti n'kumeza malovu. Ndinaibwezera pazenera momwe inalili.

Kuchinkhoswe anthu atakhala pamikeka, mkwatibwi ali pakhomo kudikira nyimbo yotulukira, sipika inangoyatsa magetsi ake obiriwira, zii. Anatulutsa khadi, kuipemerera, kuipukuta pa malaya, kuibwezera. Zii.

“Mphwanga, watibweretsera nyali kapena?” anafunsa amalume awo, bwalo lonse n'kufa ndi phwete.

Azimayi anayambitsa nyimbo ya pakamwa ndi m'manja. Ine ndinavina, ndisaname, ndinavina mpaka chitenje kumasuka, ndikuyang'ana thukuta likuyenderera m'khosi mwa bambo a mwana.

Mpaka lero amati inali vairasi ya ku Migowi. Nyimbo anakakoperanso sabata yomweyo, zonse, mwina n'kuposa. Zanga palibe kokakopera. Chimene sichinabwerere kwa iwo ndi chimodzi: kavidiyo kamene anajambula mwana akuseka koyamba, kamene kanali pa khadi yomweyo. Ndinali nditaiwala. Kapena sindinaiwale, sindikudziwa. Amakatchula kawirikawiri, maso ali pa mwana, ndipo mtima wanga umagunda mpaka ndimaopa kuti aumva. Nthawi zina ndimafuna kuulula kuti ndipume. Nthawi zina ndimafuna kuulula kuti adziwe kuti ndinali ine, ziwawawe bwino.

Mwanayo tsopano alibe mawu a agogo ake, alibenso kuseka kwake koyamba. Choyamba anamulanda ndi bambo ake, chachiwiri ndi ine. Inu amene mwawerenga, ndiuzeni mosandinyengerera: ndinalakwa kodi? Mukanakhala inu, foni ikukufunsani ngati mwatsimikiza, mukanadina chiyani?