Magalasi Owamba pa Mbaula

Alamu anga a Efulemu, amuna a mng'ono wanga Martina, ndi munthu woti akamva chinthu pa foni m'mawa, pofika masana amakhala atasanduka katswiri wake. Kwawo ndi ku Malingunde. Sukulu anaisiyira Fomu 2, ati aphunzitsi ankawachitira nsanje. Nsanje yake iti? Anayamba ndi kugulitsa mankhwala a makoswe, makoswe n'kumangonenepa. Kenako anagwira za makava a foni. Pomaliza anatola thabwa, kukhomapo misomali, kukolekapo magalasi a maso ogula m'mashopu a m'tauni, basi dzina n'kukhala Adokotala. Tsiku la msika ali pa Mitundu, masiku ena ali pa Nathenje pafupi ndi pamene ine ndimagulitsa tomato, ndiye mabodza awo ndimawamva ndi makutu angawa.

Chaka china anaona kanema pa foni. Ankanena za akatswiri akunja amene akuyesa kupanga magalasi aphwatalala, opyapyala ngati pepala, opakidwa zinthu zomwe zimasintha zikatenthedwa, moti galasi limodzi lomwelo litha kuonetsa zapafupi, kenako zakutali. Kanemayo ananena poyera kuti zonsezo akadayesa. Koma alamu anga anatolapo mawu amodzi okha, kutentha. M'mawa mwake anatulukira pamsika atanyamula kambaula. Munthu akavala magalasi n'kudandaula kuti sakuona bwino, iwo ankawalanda, kuwawamba pamakala ngati chimanga chachiwisi, kuuzira, n'kumuvekanso.

"Ndawatchuna tsopano. Awa ndi amakono, amatsata diso la mwini wake."

Pulasitiki wamba, anthuni! Ndinkawanena pamaso pa makasitomala awo kuti ndi akathyali. Iwo n'kumaseka, ati musamumvere uyu, n'zapachilamu. Anthu nawo n'kumaseka, poti mlamu akakutukwana aliyense amayesa macheza.

Amayi athu, a Felesiya, ankasankha fodya pa esiteti ina kufupi ndi Mitundu. Ntchito imeneyo ndi ya maso: tsamba lofiirira pakepake, lakuda pakepake, lamawanga pambali. Bwenzi akadali pomwepo, koma maso anayamba kuwavuta. Mutu unkawawa, kutsogolo kunkachita chifunga, akayang'ana nyali ankaona utawaleza. Martina anati apite nawo kuchipatala. A Efulemu anakwiya ngati awaponda chala.

"Chipatala chanji dokotala ali pakhomo pompano? Ukufuna anthu andiseke?"

Pajatu iwo ndi mkamwini, amakhala kwathu. Ndipo kwathu mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Ndiye kupima masoko kunkayenda chonchi: amayi pamphasa pakhonde atayang'ana kukhoma, Adokotala atanyonyomala kuseri kwa nkhokwe ndi kambaula kawo, Martina ali yakaliyakali pakati ndi magalasi otentha m'manja. Dokotala wa maso wosaona diso! Ngakhale wosoka nsapato amayamba wayang'ana phazi.

"Uwafunse amayi ngati akuona," ankafuula kuseriko.

Nanga amayi akanatani? Mayi wolemekezeka anganene kuti chinthu cha mkamwini wake n'chachabechabe, mkamwiniyo akumva? Ankangoyankha motsitsa, "Uwauze kuti zikomo, kwayamba kuyera."

Sikunayere ayi. Dzinja linadutsa, fodya wina analowa m'zigafa. Magalasi ankawambidwa mpaka kupindika, alamu anga n'kubweretsa ena, akuda bii, ati kuwala n'kumene kukusokoneza. Ine ndikaimba foni, Martina ankati amayi akupezako bwino, abambo a Tadala, amuna akewo, akuwatchuna. Nayenso mwana wa mayi anga, mwamuna akanena kuti mbuzi ndi galu amavomera. Zinaululika pamene kapitawo wa pa esiteti anapeza kuti amayi akumanga pamodzi masamba osiyana, n'kuwauza kuti akapume kunyumba.

Nditamva ndinasiya tomato, n'kukwera minibasi. Ndinawapeza pakhonde, nkhuku zikudya chimanga pamphasa yomwe anakhalapo, iwo osadziwa. Ndinawavula zimagalasi zija. Mayo ine! Maso ofiira psuu, pakati pachita mbuu. Ndinalira ngati pamaliro.

Tsiku lomwelo tinapita kuchipatala m'tauni. Dokotala weniweni, mayi wofatsa, anawaunika nthawi yaitali, kenako anandikokera pambali. Anati madzi a m'maso anachuluka n'kufinya mitsempha mpaka kuipha. Tikanafulumira, akanateteza kuona komwe kunatsala, koma mtsempha wakufa subwerera. Anafunsanso ngati panalibe munthu ngakhale mmodzi amene anawayang'ana masowo, poti aliyense akanadziwa kuti si nkhani ya magalasi.

Tinafika kumudzi madzulo, ine nditawagwira mkono. Kuseri kwa nkhokwe kunkatuluka utsi. Munthu uja anali atakoleza kale kambaula kake.

"Martina, ufunse kuti akuti chiyani kuchipatalako," anafuula. "Kapena ndingowonjezera moto?"

Ndinatola mtengo wa mpanda, Mulungu ndi mboni. Amayi anandifinya dzanja kuti ndileke. Kenako anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawuwo. Chikwatirire Martina, anali asanawalankhulepo okha osadzera mwa munthu.

"Bambo a Tadala, tulukani kuseriko. Mukubisalira yani? Mwambo tausunga, wakwana. Ine sindingakuoneninso ngakhale nditafuna. Bwerani mudzaone maso amene munkachiza."

A Efulemu anatuluka chipewa chili m'manja, n'kugwada patsogolo pawo. Amayi anatong'ola maso onse awiri, n'kudikira. Adokotala athu ankayang'ana pansi.