Gudumu Lachinayi la Che Bwanali

Ndikukumbukira chaka chimene ndinapanga galimoto yothamanga kuposa zonse m'Nyasalande, malinga ndi kuwerengera kwa ine mwini wake. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, nkhondo yaikulu itatha, chitaganya chisanabwere, ndipo tinkakhala chakufupi ndi siteshoni ya sitima pa Balaka. Amene amandidziwa lero pamsika, aja amati ndidzanenerera ngakhale mtengo wa bokosi la maliro anga, adziwe kuti matendawa ndinabadwa nawo. Ndili mwana ndinkasinthanitsa chilichonse: mbewa ndi malambe, malambe ndi botolo, botolo ndi mpeni wopanda chigwiriro. Amayi ankati akandituma ndi dzira ndimabwerako ndi nkhuku, kungoti mwini nkhukuyo amakhala akubwera pambuyo panga.

Tsiku lina anandituma mchere kusitolo ya Mmwenye. Anaukulunga m'pepala la nyuzi ya Chingerezi, ndipo papepalapo panali chithunzi cha galimoto yaitali, yosalala ngati mlamba, magudumu obisika m'mimba. Aphunzitsi a kumishoni anandiwerengera mawu ake. Ati galimotoyo sinyamula katundu, sipita kumudzi kwa munthu aliyense. Ntchito yake n'kungothamanga pachidambo cha mchere kutsidya kwa nyanja, kuti anthu aone ngati ingapose zinzake. Ndinaona kuti imeneyo ndiyo ntchito yondiyenera. Mcherewo unafika kunyumba uli m'thumba la malaya, pepala nditasunga bwinobwino.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali chisakasa chimene abambo ankaunjikamo thonje. Thonje litapita kumsika, chisakasacho ndinachitcha galaja, dzina limene ndinalimva kwa oyendetsa malole. Matabwa ndinawapeza pophwasula bokosi la palafini limene ndinaligula ndi njiwa ziwiri, imodzi yake yodwala. Mphuno ya galimoto ndinaipinda kuchokera ku debe lobooka, misomali ndinkaizula m'mipanda n'kuiwongola pamwala, chiwongolero chinali chingwe cha khonje. M'galajamo munkanunkha palafini ndi fumbi la thonje, ndipo ndinkatulukamo ndili mbuu ngati wochokera kuchigayo.

Njira yothamangirapo inalipo kale: msewu wotsika kuchokera kumishoni mpaka pakamlatho ka kudambo, pomwe unkakhota pafupi ndi mlambe waukulu. Wotchi tinalibe, koma tinali ndi achemwali anga a Terezia, amene ankanena pemphero la Tikuoneni Maria ndi liwiro limodzimodzi, kaya kunja kuli moto kaya mvula. Njinga ya mesenjala wa kumishoni inkatsika msewuwo ndi ma Maria anayi. Ine ndinkafuna atatu. Ndinayesapo kuwanyengerera ndi bwemba kuti tsikulo adzapemphere pang'onopang'ono. Bwembayo anadya, n'kundiuza kuti adzandinenera kwa ansembe.

Chinasowa ndi magudumu. Amene ndinasema kuchokera kuchipika ankayenda ngati munthu wochokera kumasese. Pa Balaka ponse magudumu oyenera analipo anayi okha, ndipo anali ndi mwini wake.

Che Bwanali anali mmisiri wa malata, Msilamu wochokera chakunyanja ya Chiuta. Ankamata ndowa ndi mapoto, n'kumapanga nyali za koloboyi zogulitsa kwa apaulendo pasiteshoni. Miyendo yawo inafota ali mwana. Ankayenda pakachikuku kamene anakapanga okha, akudzikankha ndi timatabwa tiwiri m'manja. Magudumu ake anali a chikuku cha mwana wa Mzungu wina amene anasamuka kalekale: a masipoko, a mphira weniweni, odzozedwa girisi Lachisanu lililonse asanapite kumzikiti. Ukaliza limodzi ndi chala, linkazungulira mpaka utatopa kuliyang'ana.

Ndinapita kwa iwo nditakonzeka ngati wopita kunkhondo. Ndinati ndiyambira pansi: kuwatungira madzi masiku atatu. Akakana ndiwonjezera mpeni. Nkhuku yanga ya mathotho ndinaisunga ngati chipolopolo chomaliza.

"Che Bwanali, magudumu anuwa Lamulungu amangokhala. Chitsulo chikangokhala chimachita dzimbiri."

"Ehe? Ndiye wabwera kudzawachitira chifundo?" anatero osadzutsa mutu, akupemerera makala. "Ukufuna chiyani, bwana wamalonda?"

Ndinawaonetsa pepala lija. Anapukuta manja, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, mpaka mtovu unazizira pachitsulo chawo.

"Ukatuluka m'tchalitchi mwanu Lamulungu, udzatenge. Abwere dzuwa lisanalowe. Lolemba kuli sitima."

"Nanga mtengo?"

"Iyayi, palibe. Ine ndakhala pamagudumu amenewa zaka zambiri, koma sindinamvepo mmene amalirira akathamanga. Udzandiuze."

Ndinachoka ndikudziguguda pamtima. Nkhuku yapulumuka, mpeni wapulumuka, ngakhale ndowa imodzi ya madzi sindinatunge. Ndinati mumtima: mdala uyu malonda sawadziwa.

Chinthu chimodzi chokha anandikakamiza. Loweruka anandipangira buleki, mtengo wolimba wa chogwirira, wokhala ndi chidutswa cha tayala ndi bawuti yatsopano yonyezimira. Anati: "Ichi ndiye galimoto. Zinazo ndi zokongoletsa." Koma madzulo omwewo mnyamata wina wa kwa okonza njinga anaiona bawutiyo, ine ndinaona belu limene linali m'manja mwake, ndipo mizimu ya makolo anga amalonda inandigwira. Ndinalingalira chonchi: buleki ntchito yake n'kuchedwetsa, pomwe belu likalira anthu amapatuka okha. Tinasinthana, ndipo anandiwonjezera mbale ziwiri za mtedza... kunena zoona unali mtedza wodzaza dzanja limodzi, koma ndinaona kuti ndamudyera.

Lamulungu masana ndinakatenga magudumu. Anawamasula okha, kachikuku n'kukakhazika panjerwa, iwo n'kutsala pamphasa pakhonde. Ndinawaona ali pamenepo, koma sindinaone kanthu. Sizinandifike m'mutu kuti kuyambira nthawi imeneyo, ngakhale kuseri kwa nyumba akanapita chokwawa.

Ana a mudzi wonse anasonkhana pamwamba pa chitunda. A Terezia anaima pakati pa njira, korona m'manja. Anzanga awiri anandikankha, ndipo poyamba galimoto inkangoti gwedegwede, debe likulira. Kenako phokoso lonse linatha. Magudumu anayamba kuimba kamawu kakang'ono ngati njuchi zili kutali, mphepo inandikolola misozi mpaka m'makutu, mitengo ya chinangwa m'mbali mwa msewu inasanduka nsalu imodzi yobiriwira. Sindinamvepo kukoma kotero, ngakhale tsiku limene ndinagulitsa njinga yopanda tcheni kwa munthu wa ku Ntcheu.

Ndiye panafika pokhota paja. Dzanja langa linapita pomwe panayenera kukhala buleki, n'kupeza belu. Ndinaliliza ndi mtima wonse. Mbuzi zinapatukadi, mayi wina wosenza nkhuni anapatuka, koma mlambe sumva belu. Ndinaukwecha m'mbali n'kukagwera m'ngalande, galimoto pamwamba, ine pansi.

Ine ndinangosupuka chigongono ndi chipumi. Koma gudumu lakutsogolo linapindika ngati dengu lopondedwa ndi ng'ombe, masipoko ali yangayanga.

Njira yonse yobwerera ndinkakonza zonena. Gudumulo linali lakale. Mbuzi ndi zimene zinalakwa. Ndinakonzanso poyambira kulipira ndi pothera pake. Koma nditafika pakhonde paja n'kuwapeza Che Bwanali ali pamphasa pomwe ndinawasiya, mthunzi utawachokera kalekale, dzuwa likuwawomba kumaso, malonda onse anandithera m'kamwa. Ndinangoika magudumu atatu pansi, lachinayi n'kuwapatsa m'manja.

Analitembenuza uku ndi uku. "Buleki inakana?"

"Ndinaisinthanitsa."

"Ndi chiyani?"

"Ndi belu."

Anangoliika gudumulo pamphasa. Bwenzi atandimenya ndi thabwa lawo lija, zikanandipepukira.

Abambo anafika atamva kale kwa a Terezia, nkhuku yanga ya mathotho ili m'khwapa, khutu langa m'dzanja linalo. Anagwada n'kunena kuti: "Che Bwanali, mwanayu watichititsa manyazi. Tchulani mtengo, tilipira."

"Bambo, mwendo amagulitsa sitolo iti? Mundilozere, ndikagule iwiri." Anaseka pang'ono, koma abambo sanaseke. "Nkhukuyo ibwerere. Mawa kuli sitima, ndipo ndili ndi ndowa za eni ake. Chikuku changa chili ndi magudumu atatu. Lachinayi ndi ili mwaligwira khutuli."

Ndi mmene ndinasandukira gudumu. Tinamanga nsungwi pangodya yopanda kanthu ija, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkainyamula, iwo akukankha ndi timatabwa tawo, mpaka kusiteshoni. Madzulo chimodzimodzi pobwerera. Masipoko a msinkhu umenewo kunalibe, ndipo okonza njinga analibe ngakhale oti tidule. Tinadikira munthu wina kuti abwere ndi a njinga kuchokera ku Limbe, tidzawadule. Zinatenga pafupifupi sabata zitatu.

Anthu a pasiteshoni sanandisiye. "Che Bwanali, gudumu latsopanoli likufuna girisi, likulira!" Iwo ankayankha kuti: "Lisiyeni, n'lamakono. Vuto lake limadya kwambiri." Dzina loti Gudumu linandikanirira mpaka ndinakwatira nalo.

Msewu umene ndinkauthamanga osauganizira ndinaudziwa mwala uliwonse. Ndinadziwa pamene pali mchenga womeza magudumu, pamene madzi amadikha, pamene agalu a kwa kalaliki amadikirira munthu amene nkhope yake ili pamsinkhu wa mano awo. Ndinaona zikhatho zawo, zolimba ngati chikopa cha ng'oma. Tsiku lililonse la moyo wawo ulendo unali umenewo, ndipo chimene chinkaupeputsa ndi chomwe anandipatsa popanda mtengo.

Tsiku lachitatu, tikupuma pansi pa mtengo wa bwemba, anati: "Iwe, ngongole yeniyeni sunabweze. Analira bwanji?"

Ndinawafotokozera za njuchi zija, za misozi yopita m'makutu, za chinangwa chosanduka nsalu. Anatsinzina, akumvetsera ngati munthu amene akumva nkhani za kwawo.

"Nanga ma Maria anakwana angati?"

"Sitidziwa. Achemwali ataona mlambe anasiya kuwerenga, anayamba kupemphera zenizeni."

Anaseka mpaka kofia inagwa.

Gudumu tinaliwongola limodzi. Anandiphunzitsa kumanga sipoko imodzi pang'ono, kumasula inzake ya mbali ina, kuzunguza, kumvetsera, kuyambiranso. Ati ukakoka mbali imodzi yokha kuti upambane, gudumu lonse limayenda mokhota. Litatha, anandituma kukatenga buleki ija. Mnyamata uja anadziwa kuti ndapanikizika: anafuna belu lake, mpeni, ndi nkhuku ya mathotho pamwamba. Ndinapereka zonse osatsegula pakamwa. M'moyo wanga wonse amenewo ndiwo malonda oipitsitsa, ndipo ndi okhawo amene sindinadandaule nawo.

Lamulungu lotsatira tinawakankhira Che Bwanali pamwamba pa chitunda, n'kuwakhazika m'galimoto yanga, mphuno yake ya debe itaphwanyika chomwecho. Anati "Bisimilahi," tinawakankha. Anatsika dzanja lili pabuleki, mkanjo ukuuluka, akukuwa mawu a Chiyao amene amayi anatiletsa kuwabwereza. Pokhota paja anakoka mtengo uja, galimoto inakhota mwaulemu, n'kukaima pakamlatho penipeni. Titafika tikuthamanga tinawapeza misozi ili m'makutu.

"Angati, mwanangu?" anafunsa a Terezia.

"Asanu, Che Bwanali."

"Asanu? Aaa, iyayi. Tsitsaniko pang'ono. Tinene anayi ndi theka."

A Terezia, amene anakana kundikondera ngakhale atadya bwemba wanga, anavomera pomwepo.

Che Bwanali anatisiya kalekale, ndipo galaja ija inadyedwa ndi chiswe. Ine ndakalambira pamsika, ndipo sindinama, ndimanenererabe. Wogulitsa akanditchulira mtengo ndimagwira pamtima ngati wandibaya. Amenewo ndi masewera, tonse awiri timawadziwa. Koma munthu akandipatsa chinthu pa mawu oyamba, osatchula mtengo, pamenepo ndimaima. Sindinenanso kuti mdala uyu malonda sawadziwa. Ndimayang'ana kaye pakhonde pake, ndione chimene watsala atakhalira, ndi chimene adzayendere mawa sitima ikabwera.