A Aliness Akana Kufa

Ku Nazombe aliyense amadziwa kuti a Aliness sakhululuka msanga. Mbuzi ikawadyera chinangwa, mwini wake amaimva nkhaniyo mpaka mbuziyo itaona zidzukulu. Ndi mayi wamasiye, mlimi wa nandolo, ndipo ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje lomwe malemu amayi awo adawasiyira monga mwana wamkazi woyamba. Dimba limenelo mng'ono wawo Maggie ankalimezera malovu kuyambira kale.

Tsiku lina khasu lidaphonya nthaka n'kuwatema phazi. Adathamanga nawo kuchipatala pa njinga yamoto, Maggie akuwaperekeza. Bala adalisoka bwinobwino, koma namwino atawayeza pamkono adakwinya nkhope: magazi awo ankathamanga moopsa. Adawalangiza kuti bala likapola asayese kuti zatha. Adati BP si malungo oti umamaliza mankhwala n'kuiwala. Kawirikawiri sipweteka, imangogwetsa munthu. Azibwera mwezi ndi mwezi kudzayezetsa ndi kutenga mapiritsi, ndipo mchere auchepetse.

A Aliness adangovomera pakamwa. Mumtima ankati munthu wosamva kupweteka angasiye kupalira n'kukakhala pamzere chifukwa cha matenda osaoneka? Adatsinzina kuti apumeko.

Maggie, poyesa kuti agona, adaimbira foni mwamuna wake ali pambali pa bedi penipeni.

"Akuti ndi BP. Ndiye achemwali mukuwadziwa, kuno sadzabweranso. Dzinja lino sadutsa. Muyambiretu kufuna mbewu ya kudimba kuja."

A Aliness adamva zonse, koma maso sadatsegule. Mtima udawapweteka kuposa phazi. Mwana amene adamuberekapo kumsana lero akudzigawira dimba lawo iwo akadali moyo? Pabedi pomwepo adalumbira kuti sadzafa, Maggie aone polekera.

Kuyambira pamenepo tsiku loyezetsa sadaliphonyepo, kaya kugwe mvula kaya mtsinje udzaze. Njira yachidule ilipo, koma iwo ankazungulira dala kudzera pakhomo pa Maggie, atavala chitenje chakutchalitchi. Pobwera ankaima pomwepo n'kulengeza mokweza kuti anamwino akuti yatsikanso, akugwedeza mapiritsi m'kabotolo ngati chisekese. Ndiwo zopanda mchere zinkawanyansa, koma ankazimeza akuganiza za nkhope ya mng'ono wawo, ndipo zinkatsika. Dzinja lidadutsa, linanso lidadutsa, iwo akungonenepa ndi kukolola. Za foni ija sadauze munthu.

Chaka chino Maggie wayamba kudandaula chizungulire ndi mutu wa kunkhongo. Akuti ndi dzuwa, ndipo akungomwa panado. A Aliness adakumbukira kuti namwino adanenapo kuti matendawa amayenda m'magazi a pachibale. Adalingalira nthawi yaitali, chifukwa kungokhala chete kukadawabwezerera zonse. Koma adaona kuti kubwezera kotero n'kwa tsiku limodzi lokha, la maliro.

M'mawa wa tsiku lawo loyezetsa adafika pakhomo pa Maggie ndi wanjinga, n'kulamula mng'ono wawoyo kuti asambe. Maggie adagwetsa misozi, manyazi ndi chimwemwe pamodzi.

"Achemwali, kani mumandikonda chonchi?"

"Kukukonda? Foni ija ndidaimva yonse, iwe. Ukafa pano, azindionerera ndani ndikukolola kudimba kwanga? Kwera, ukayezetse. Ndikufuna ukalambe ukuliona."