Chaja Imene Inakwana Pabowo

Kwathu ku Machinga zinthu zonse zinkayendera batire limodzi la sola: wailesi, nyale, makina ometera. Chingwe chikangolowa pabowo, basi, chinthu chayaka. Ndi nzeru imeneyi imene ndinafika nayo ku Masiphumelele, komboni ina ya m'dziko la eni kummwera, kumene malume anga ankachita lendi kachisakasa ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikhosa.

Malume ankasamalira maluwa kwa azungu. Zimene abwana ataya iwo ankatola, moti pansi pa bedi panali thumba lodzaza machaja akale. Ine ntchito ndinali ndisanaipeze. Ndinkasesa pabwalo, kutayira mayi aja zinyalala, ndi kupereka moni kwa aliyense, ngakhale amene sankayankha. Ndinkafunitsitsa kuti pamalopo azitiona ngati anthu abwino.

Loweruka lina masana, mwana wa mayi aja, mnyamata wamtali wa chipsera pachibwano, anabwera atanyamula sipika yaikulu yakuda. Anzake ankawotcha nyama kumpanda. Chaja yake inali itasowa.

"Malawi! Malume wako ali ndi machaja. Fulumira."

Ndinakondwa kuti wandituma ine. Ndinakhuthula thumba lija, n'kumayesa imodziimodzi, mpaka ndinapeza ya bokosi lolemera, ya laputopu, imene mutu wake unalowa bwinobwino. Timanambala ta pabokosipo ndinationa, koma sindinkadziwa kuti tili ndi ntchito. Ndinaipukuta fumbi ndi malaya anga, n'kuilumikiza m'chisakasa mwathu.

Nyimbo inalira pang'ono. Kenako phu! Utsi wakuda unatuluka m'sipika, fungo la pulasitiki, kamoto n'kugwira nsalu ya pawindo.

Mayi wina anakuwa kuti, "Umlilo!" Kumeneko mawu a moto si ocheza nawo. Nyumba n'zogundana, ukayamba umadya mzere wonse, ndipo ambiri anapsetsapo kale katundu. Nsaluyo ndinaizimitsa ndi manja, koma anthu anali atadzaza kale pabwalo.

Mnyamata uja anandigwira pakolala n'kundiponya panja. Chibakera choyamba chinandipeza pakamwa. Ndinagwera m'matope a pampopi, ndipo nsapato zinayamba kundigwera m'nthiti, kumsana, pakhutu. Ndinkangopepesa m'Chichewa, chifukwa Chingerezi chonse cha kusukulu chinali chitandithawa. Wina anakuwa kuti alendowa akufuna kutiwotcha. Pakati pa miyendo ya anthu ndinaona dzanja likutola njerwa.

Nthawi imeneyo ndi imene malume anatulukira kuchokera kuntchito. Anaponya njinga pansi. Sanafunse chimene chachitika. Anakankha anthu, kuvula lamba, n'kuyamba kundikwapula ndi mbali ya chitsulo. Munthu amene chibadwire changa sanandilozepo ngakhale chala. Ankakuwa m'Chingerezi kuti onse amve, kuti ndine chitsiru cha kumudzi, kuti lero andipha okha.

Kenako anawerama ngati akufuna kundikoka khutu, n'kunena chapansipansi m'chilankhulo chathu: "Lira kwambiri, iwe. Lira! Usadzuke."

Ndinalira. Sizinali zovuta. Chitsulo cha lamba chinanding'amba pamwamba pa diso, magazi n'kundiphimba kumaso. Malume sanachepetse dzanja. Anandimenya mpaka anthu anayamba kubwerera m'mbuyo, kuyang'anana. Wa njerwa uja anaitsitsa. Mwini nyumba ndi amene anawagwira mkono.

"Yhu, tata, mupha mwana! Zakwana!"

Ngakhale mwini sipika anatukwana kamodzi, kulavula, n'kubwerera ku nyama yake.

Malume anandikhwekhwerezera m'nyumba n'kutseka chitseko. Ananditsuka mabala ndi madzi amchere.

"Pepani amalume," ndinatero, milomo itatupa.

"Khala chete. Tsegula diso ndione."

Dzuwa lisanalowe mayi aja anagogoda. Tinkaganiza kuti abwera kudzatithamangitsa, ndipo malume anali atayamba kale kupinda zovala. Koma anati tikhoza kukhala, bola sipika ya mwana wawo ibwere ina. Chingwe cha magetsi chochokera m'nyumba mwawo anachizula tikuona, n'kutisiyira kandulo.

Tinakhalabe pamalopo. Khutu langa lamanzere silimva bwino mpaka lero, ndipo sindidziwa ngati inali nsapato kapena lamba.