Chilimwe Chimene Chikukuta Anasiya Kukukuta

Phokoso lake linkayambira kumtsinje wouma, pamene msewu wochokera ku Nsanama umatsetsereka kenaka n'kukwera kulowa m'mudzi mwathu. Linkamveka ngati munthu akukukuta mano m'tulo, koma mano ake achitsulo: kwe-e-e, kwe-e-e, kenaka gu! giya n'kulowa. Galimoto zina zinkakwera chitunda chimenecho osadandaula. Koma pikapu yobiriwira ya anyamata a chipani sinkakwera isanakukute kawiri kapena katatu, mpaka anthu anaipatsa dzina loti Chikukuta. Ngakhale lero, dalaivala wa minibasi akaphonya giya, miyendo yanga imafuna kuthamanga mutu usanaganize.

Makolo anga anamwalira ndisanasunge nkhope zawo, choncho ndinakulira m'manja mwa agogo anga aakazi, amene ndinkawatcha Anganga. Anali aafupi, owuma thupi ngati chikuni, osakonda kunyengerera mwana. Ankaumba miphika kuseri kwa nyumba, ndipo chitenje chawo chinkanunkhira dongo lonyowa ndi utsi wa makungwa. Khutu lawo limodzi linali litafa kale, linalo linkatsatira. Anali a mpingo umene sunkalola kugula khadi la chipani, ndipo masiku amenewo munthu wopanda khadi ankasakidwa ngati nyama. Anzawo ena anamenyedwa, ena anawatenthera nyumba, ena anawoloka malire ku Nayuchi osabwereranso. Ine za mpingo ndi za chipani sindinkazimvetsa. Ndinkangodziwa kuti Anganga akatengedwa, sipadzakhalanso munthu wondiitana dzina dzuwa likamalowa.

Ana ena ankaweta mbuzi kapena kupirikitsa mbalame kumunda. Ntchito yanga inali makutu. Ndinkasewera pakhonde mutu utapendekera kumtsinje, ndipo ndikangomva kwe-e-e woyamba ndinkathamanga kukakoka chitenje cha Anganga. Iwo ankasiya dongo lili m'manja n'kulowa m'munda wa nandolo kuseri kwa nyumba. Kuchokera kumtsinje kufika kwathu, Chikukuta ankatenga nthawi yokwana kuti nkhalamba idutse bwalo, ilowe m'munda ndi kugona pansi. Anyamatawo akafika ankapeza ine ndekha, ndipo yankho langa linali limodzi, loti Anganga apita kumaliro kwa Kawinga.

Mtsogoleri wawo anali Lufeyo, mnyamata wa m'mudzi mwathu momwemo, amene Anganga anamuchotsapo matekenya ali wamng'ono. Ankandiyang'ana akumwetulira mbali imodzi ya kamwa.

"Maliro akewo satha bwanji, Fanuelo? Munthuyo akukana kulowa m'manda?"

Anzake ankaseka, iye n'kuponda mphika umodzi wosawotcha, basi n'kumapita.

Chaka chimenecho chilimwe chinawawa. Mapesi anali atatenthedwa, minda yonse ili mbee, moti munthu ankaoneka ali kutali ngati khwangwala pamsewu. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka makutu kuwawa, ndipo ndinkadana nazo chifukwa zinkanditsekera kumtsinje. Chobisa munthu chinatsala chimodzi chokha, nandolo, nayenso masamba anali atayamba kuyoyoka.

Tsiku lina masana ndinamva kwe-e-e, kwe-e-e, koma gu uja sanabwere. Anganga atalowa m'munda, ndinaona Chikukuta akubwera pang'onopang'ono, anyamata akumukankha, thukuta lili chuchuchu m'malaya. Dalaivala ankagwedeza ndodo ya giya, imene pa galimoto imeneyo inali pambali pa chiwongolero, koma inkangoyenda uku ndi uku ngati dzino logwedera. Mthunzi wapafupi unali wa mtengo wathu wa mango. Anaikankhira pamenepo, n'kuika miyala kumatayala. Dalaivala anapita kukatumiza uthenga kwa makaniko ku Balaka, ndipo Lufeyo ndi mnzake mmodzi anatsala kulondera. Anayala mphasa yathu pakhonde lathu.

Masiku amene anatsatira sindinawawerenge, koma sindidzawaiwala. Chinthu chimene ndinkachithawa chikadali kutali tsopano chinagona pabwalo, chikudontha oyilo wakuda pamene ndinkasewera. Anganga sakanatha kubwerera m'nyumba. Ndinkawapititsira madzi m'chigubu ndi chinangwa chophika m'thumba la kabudula, ndikunamizira kupita kuthengo. Ndinkawapeza atagona pachiguduli pakati pa nandolo, milomo itang'ambika, nyerere zikuyenda pamiyendo. Choopsa kwambiri chinali mawu awo. Munthu wosamva sadziwa kukula kwa mawu ake, ndipo iwo akafuna kundinong'oneza ankalankhula ngati akuitana munthu kutsidya. Nthawi zina ankayamba kung'ung'udza nyimbo ya kumpingo osadziwa kuti ikutuluka. Ndinkawatseka pakamwa ndi dzanja langa, ine mwana, iwo n'kundimenya dzanjalo, ine n'kulibwezeranso.

Makaniko anafika m'mawa wina atatsika sitima n'kuyenda wapansi. Dzina lake anali Che Saidi, bambo wamtali wa kachisoti koyera, atanyamula thumba la chiguduli limene linkalira ngwere-ngwere. Manja ake anali aakulu, a zipsera zamoto. Anapereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa ine, kenaka anatsegula boneti n'kusuzumira mkati. Anayamba kusolola mawaya ndi zidutswa za chubu cha njinga zimene dalaivala ankamangira mkatimo, n'kumaziponya pansi akupukusa mutu.

Anamasula ndodo zachitsulo zopyapyala zimene zimachokera kuchiwongolero kupita kugiyabokosi, n'kuziyala pachiguduli. Kumapeto kwa ndodo iliyonse kunali kabowo, ndipo m'kabowomo munkayenera kukhala kamphira kolimba kotchedwa bushi. Mabushiwo anali atadyeka, ena atatsala ngati chikhadabo, ena kulibiretu. Che Saidi anauza Lufeyo kuti dzanja la dalaivala likakankha ndodo, mphamvu inkathera m'mabowo ogwederawo, giya n'kumangogunda pakhomo osalowa. Kenaka anatulutsa kanyuzipepala kopindidwa. Mkati munali mabushi atsopano ndi timapini tonyezimira. Ndinasendera pafupi n'kutiyang'anitsitsa timeneto. Ndinali mwana, koma ndinazindikira kuti kukukuta kuja kunkachokera m'mabowo amenewo, ndi kuti bamboyu wabwera kudzatseka makutu anga.

Dzuwa lili pamutu anandipempha madzi, nasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi kuti akaswali, pemphero lake la masana. Anatenga chiguduli choyera n'kuzungulira kuseri kwa nyumba kufuna malo opanda phokoso. Ndinamutsatira. Anayala chiguduli m'mphepete mwa munda wa nandolo, ndipo asanayambe kupemphera anaima. Pakati pa timitengo topanda masamba, chitenje chofiira cha Anganga chinkaoneka bwinobwino, ndipo kanyimbo kaja kankamveka. Che Saidi anayang'ana kumeneko, anayang'ana miphika yosawotcha imene inali itang'aluka ndi dzuwa, kenaka anayang'ana ine. Anapemphera, anapinda chiguduli chake, n'kubwerera kugalimoto. Ine ndinatsala ndikudikira kumva mawu ake akuitana Lufeyo. Sanamuitane, koma zimenezo sizinanditonthoze. Ndinaganiza kuti akusunga nkhaniyo kuti aipereke pomaliza.

Ndodo ziwiri anazibwezera yekha. Yachitatu inkalumikizana pamalo opanikizika, pakati pa giyabokosi ndi chitsulo cha pansi pa galimoto, pamene dzanja lake linkangolowa zala. Anayesa chagada, anayesa chammbali, natuluka khungu la pachala litasupuka. Anati pakufunika dzanja laling'ono.

"Iwe wa kumaliro, bwera kuno," anatero Lufeyo. "Lero ugwirire ntchito chipani."

Ndinakwawira pansi pa Chikukuta. Kunali mdima wofunda, fungo la oyilo wopserera ndi fumbi, ndipo zitsulo zinali pafupi ndi mphuno yanga. Che Saidi anagona pambali panga, napaka girizi pa bushi, n'kundiika m'dzanja. Anatsogolera mkono wanga mpaka zala zinapeza kabowo. Anati ndikankhe ndi chala chachikulu mpaka ndimve kuti yakhala. Kenaka ndinaveka ndodoyo pa kachitsulo kake, ndipo chotsala chinali kapini ka miyendo iwiri kotseka kuti isavuke.

Pamenepo ndi pamene anandinong'oneza, maso ake ali kuzitsulo.

"Mwanache, galimoto imeneyi umaimva ili pati?"

Ndinafuna kunama, koma pakamwa panayankha pokha. "Ikamakwera pamtsinje."

"Nanga ikasiya kulira?"

Kapini kanali pakati pa zala zanga, ndipo pansi panali fumbi lakuya loti kakagweramo sikakanapezeka. Koma pafupi ndi mutu wanga panali nsapato za Lufeyo, zakuda, zokhala ndi chitsulo kutsogolo, zikugunda tayala pang'onopang'ono. Ndinalowetsa kapiniko. Che Saidi anandipatsa pulayala, ndipo ndinapinda miyendo yake iwiri, wina uku wina uko, monga anandiuzira. Misozi inkatsikira m'makutu chifukwa ndinali chagada.

Anandiuza kuti ndituluke. Iye anatsalira pansipo kanthawi, akusuntha chagada kulowera kumbuyo kwa galimoto, sipanala ikulira. Lufeyo atafunsa, anayankha kuti akungoona ngati zonse zili zomanga.

Dalaivala, amene anali atabwerera, analowa n'kuliza injini. Anakankha ndodo ya giya ndi zala ziwiri zokha, ndipo inalowa ngati mpeni m'papaya. Onse anakwera kukaiyesa kumtsinje. Ine ndinaima pakhonde, mutu utapendekera monga mwa masiku onse. Ndinamva nyenje. Ndinamva nkhuku ikupalasa, ndi mwana akulira kutali. Kenaka ndinaona fumbi pamwamba pa chitunda, galimoto ili kale pakati pa nyumba za anthu. Ndinaiona ndisanaimve. Ndinayeza ndi maso mtunda wochokera pamene Anganga ankaumbira kufika m'munda, ndipo ndinadziwa kuti sakanafika ngakhale pakati pa bwalo.

Lufeyo anatulutsa mutu pawindo. "Ukawauze a kumaliro kuti tsopano tizibwera ngati mphaka."

Koma sanabwere ngati mphaka. Sabata isanathe, titakhala kuseri kwa nyumba, ndinamva kubangula kumene ndinali ndisanakumvepo, kuchokera kutali kwambiri kupitirira mtsinje. Paipi ya utsi ya Chikukuta inali itagwedezeka ndi mabampu a msewu mpaka kulekana pakati, ndipo galimotoyo inkalira ngati mabingu a mvula yoyamba. Anganga, ndi khutu lawo lakufa, anaimva m'nthaka asanakokedwe chitenje. Anyamata aja phokosolo analikonda, ankati likuopsa anthu, ndipo sanalikonzetse. Mvula inagwa, chimanga chinakula n'kubisa aliyense wofuna kubisala. Anganga anadzamwalira patapita zaka, pamphasa yawo, m'nyumba mwawo.

Iwo ankati Mulungu ndiye anathyola paipiyo, ndipo ine ndinakhulupirira. Za Che Saidi ndinkangomukumbukira ngati munthu amene anandigwiritsa ntchito yoopsa n'kundilipira zinthu zopanda pake. Ndinali bambo wa ana kale pamene ndinaima m'galaja ina ku Liwonde, ndikuonerera mnyamata akumanga paipi ya utsi ndi chitsulo chopindika chimene chimagwidwa ndi manati awiri. Ndinamufunsa chimene chingachitike manatiwo atachotsedwa. Anati palibe, tsiku loyamba, mwina ngakhale lachiwiri, koma msewu ukakhala wa mabampu paipiyo imalekana. Ndinatuluka panja n'kukhala pamwala. Che Saidi anakonza giya bwinobwino, chifukwa akanailephera akanayankha ndi msana wake. Za paipiyo anazisiyira msewu, kuti zidzachitike iye ali kale ku Balaka.

Koma tsiku lija zonsezi sindinkazidziwa. Galimoto itapita, ndinakhala pamuzu wa mango ndikuyang'ana banga la oyilo pafumbi. Che Saidi anali atakana kukwera nawo, ati miyendo yauma ndi kugona pansi, ayenda wapansi mpaka kusiteshoni. Anapukuta masipanala ake imodziimodzi, n'kumanga thumba. Atafika pamene ndinakhala anawerama, natsegula dzanja langa lodetsedwa ndi girizi, n'kuikamo manati awiri adzimbiri, akadali ofunda. Anapinda zala zanga pamwamba pake ndi dzanja lake lalikulu lija.

"Usawaonetse munthu, mwanache. Apititsire madzi agogo ako."

Anakoleka thumba paphewa n'kulowa mumsewu, likulira ngwere-ngwere, osacheuka.